Osamu Tezuka: dotolo amene adasiya singano n'kugwira cholembera

Madzulo a pa 1 Januwale 1963, mabanja a ku Japan amene adali ndi wailesi ya kanema adaona chachilendo pa Fuji TV. Padatulukira kamnyamata ka maso aakulu, tsitsi losongoka ngati nyanga ziwiri, kakuuluka mlengalenga moto ukutuluka kumapazi. Kwawo kadali ndi dzina loti Tetsuwan Atomu, koma maiko ena adakadziwa ndi dzina loti Astro Boy. Kuyambira tsiku limenelo kamnyamatako kadayamba kuoneka mlungu uliwonse, ndipo ambiri amaliwerenga tsikuli ngati chiyambi cha makatuni a pa kanema a ku Japan monga tikuwadziwira lero.

Achinyamata a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu amene amagonera pa foni kutsatira Naruto, One Piece kapena Demon Slayer amadziwa kuti makatuni amenewa amatchedwa anime, ndipo nkhani zojambula za m'mabuku zimene ambiri mwa makatuniwa amachokera zimatchedwa manga. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mtengo umene akudya zipatso zakewu adaubzala ndi munthu mmodzi wovala mandala ndi kachipewa kofewa, dotolo wophunzira bwino amene sadafune kukhala m'chipatala. Dzina lake ndi Osamu Tezuka, ndipo a kwawo amamutcha mulungu wa manga. Aliyense wofuna kuyamba kuonera makatuni a ku Japan, kapena kholo lofuna kudziwa zimene ana ake akuonera, angachite bwino kuyambira pa moyo wa munthuyu.

Mwana wokonda tizilombo

Tezuka adabadwa pa 3 Novembala 1928 ku Toyonaka, kufupi ndi mzinda wa Osaka. Adali woyamba mwa ana atatu m'banja lopeza bwino. Ali ndi zaka zisanu, banja lawo lidasamukira ku Takarazuka, tauni yodziwika ndi gulu la zisudzo la Takarazuka Revue, mmene mbali zonse, ngakhale za amuna, amasewera ndi akazi okhaokha. Mayi ake, a Fumiko, ankapita naye kawirikawiri kukaonera zisudzozo, ndipo zovala zonyezimira, nyimbo ndi maso opakidwa a ochita zisudzowo zidamukhala m'mutu moyo wake wonse. Bambo ake, a Yutaka, ankagwira ntchito pa kampani ya zitsulo ya Sumitomo, ndipo ankakonda kujambula zithunzi. Adali ndi makina oonetsera kanema pakhomo, chinthu chosowa nthawi imeneyo, motero mwanayo adakula akuonera Charlie Chaplin ndi makatuni a Walt Disney m'nyumba mwawo momwe.

M'mera mpoyamba. Ali ku pulayimale adayamba kale kujambula nkhani zake n'kumaonetsa anzake, ndipo zimenezi zidamuthandiza kupeza mabwenzi pakati pa anyamata amene ankamuseka chifukwa cha kuchepa thupi ndi tsitsi lopotana. Chinthu china chimene adachikonda kwambiri ndi tizilombo. Ankayendayenda m'tchire la ku Takarazuka kugwira agulugufe ndi zikumbu, n'kumazijambula mosamala ngati katswiri wa sayansi. Atapeza m'buku kuti pali mtundu wa chikumbu wotchedwa osamushi, dzina lofanana ndi lake, adawonjezera chilembo chotanthauza kachilombo kumapeto kwa dzina lake lolembera. Chilembocho adakhala nacho mpaka imfa, ndipo kampani yake yoyamba ya makatuni adaitcha Mushi, kutanthauza kachilombo.

Zimene nkhondo idamuphunzitsa

Ubwana wokomawo udadulidwa ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Boma la asilikali la Japan linkaona zojambula zoseketsa ngati kutaya nthawi, ndipo ana a sukulu ankaphunzitsidwa kuguba ndi kumvera. M'chaka cha 1944 Tezuka adatumizidwa, pamodzi ndi anzake a ku sekondale, kukagwira ntchito m'fakitale yothandiza pa nkhondo. Kumeneko ankajambulabe mobisa, nthawi zina n'kumata zojambulazo m'chimbudzi kuti anzake aziwerenga kumene akapitawo sakadawaona.

M'chaka cha 1945 ndege za America zidaphulitsa mzinda wa Osaka kangapo. Tezuka adapulumuka, koma adaona ndi maso ake nyumba zikuyaka ndi mitembo yopserera ili mbwee. Adali ndi zaka 16 zokha. Zimene adaonazo ndizo zidakhala msana wa ntchito yake yonse: kudana ndi nkhondo, kukayikira atsogoleri amene amatuma ana a anzawo kukafa, ndi chikhulupiriro chakuti moyo uliwonse, wa munthu, wa nyama ngakhale wa kachilombo, ndi wamtengo wapatali.

M'zaka zomwezo adadwala matenda a pakhungu amene adatupitsa manja ake onse awiri mpaka padali mantha akuti angadulidwe. Dotolo adawapulumutsa, ndipo mnyamatayo adaganiza zophunzira udotolo. Adalowa sukulu ya zachipatala ya pa yunivesite ya Osaka mu 1945, chaka chomwe nkhondo idatha.

Pakati pa chipatala ndi pepala

Ali pa sukulu ya udotoloyo, mu Januwale 1946, nyuzipepala ya ana ya kampani ya Mainichi idayamba kusindikiza kankhani kake ka timabokosi tinayi kotchedwa Diary of Ma-chan. Chaka chotsatira, 1947, adatulutsa buku la New Treasure Island mogwirizana ndi wojambula wamkulu, Shichima Sakai. Lidali buku lotchipa, la pepala losalimba, la mtundu umene unkagulitsidwa m'timashopu ta maswiti, koma lidagulidwa ngati zitumbuwa zamoto m'dziko limene ana adali ndi njala ya chakudya ndi ya nkhani yomwe.

Chimene chidadabwitsa owerenga ndi kajambulidwe. Kale, nkhani zambiri zojambula zinkaoneka ngati munthu wakhala pampando umodzi akuonera sewero: anthu onse aatali mofanana, akuoneka kuchokera mbali imodzi. Tezuka adabwereka maso a kamera ya kanema. Galimoto inkaoneka patali, kenako pafupi, kenako nkhope ya woyendetsa yokha itadzaza bokosi lonse. Chinthu chochitika m'kamphindi ankatha kuchitambasula pa masamba angapo kuti wowerenga amve liwiro, mantha kapena chisoni popanda mawu ambiri. Maso aakulu, amene lero ndi chizindikiro cha anime, adawatenga kwa Disney ndi ojambula ena a ku America, chifukwa adaona kuti m'maso ndimo mumaonekera zakukhosi. Filimu ya Bambi itafika ku Japan mu 1951 adaionera koposa ka 80.

Ntchito ziwirizi zidayamba kulimbana. Atafunsa nzeru kwa mayi ake, iwo adamufunsa chimene ankachikonda koposa, n'kumuuza kuti atsate chomwecho, ngakhale kuti masiku amenewo wojambula makatuni sankawerengedwa pamaso pa anthu poyerekeza ndi dotolo. Komabe sukulu sadaithawe. Adamaliza mu 1951, adalandira chiphaso cha udotolo mu 1952, ndipo mu 1961 adapatsidwa digiri yapamwamba ya zachipatala ku Nara Medical University atafufuza za mbewu yaumuna ya nkhono za m'madzi. Ntchito ya udotolo sadaigwire, koma maphunzirowo adadzamuthandiza pa nthawi imene zinthu zidamuthina.

Mu 1952 adasamukira ku Tokyo, ndipo chaka chotsatira adachita lendi chipinda m'nyumba yamatabwa yotchedwa Tokiwa-so. Nyumbayo idasanduka chisa cha ojambula achinyamata amene ankabwera kudzatsata mapazi ake. Ena mwa iwo ndi anyamata awiri amene ankalemba ndi dzina limodzi loti Fujiko Fujio, dzina limene lidadzatchuka ndi Doraemon, komanso Shotaro Ishinomori ndi Fujio Akatsuka.

Mkango woyera wa ku Africa

Nkhani yake yoyamba yaitali ya m'magazini idachitikira kuno ku Africa. Jungle Emperor idayamba kutuluka mu 1950 m'magazini ya Manga Shonen n'kutha mu 1954. Ikunena za Panja, mkango woyera umene unkateteza nyama za m'nkhalango mpaka mlenje wina adaupha, n'kugwira mkazi wake ali ndi bere kuti akamugulitse kunja. Mwana wa mkangowo, Leo, adabadwira m'sitima ya pamadzi, adathawa podumphira m'nyanja, adakulira pakati pa anthu, kenako adabwerera kwawo kukalowa ufumu wa bambo ake.

Vuto limene Leo adakumana nalo si la ana ayi. Iye adafuna kuti nyama zisiye kudyana, ziphunzire kulima ndi kukhala mwamtendere, koma mkango wosadya nyama ukhala bwanji ndi moyo? Ndipo mtendere wa m'nkhalango ungakhalitse bwanji pamene anthu akubwera ndi mfuti, misampha ndi dyera? Kumapeto kwa bukulo, pa phiri lachisanu choopsa, Leo adapereka moyo wake kuti mnzake, munthu wokalamba, adye nyama yake, afunde chikopa chake, apulumuke. Owerenga ang'onoang'ono a nthawiyo sadazolowere kuona ngwazi ikufa.

Kwa ife amene tidakulira nthano za Kalulu, Fisi ndi Njovu, nyama zolankhula ndi kuweruzana milandu si zachilendo. Funso la nkhaniyi nalonso ndi lathu lomwe. Amene adafikako ku Thambani, m'boma la Mwanza kufupi ndi malire a Mozambique, akudziwa kuti kumeneko kuli nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo amene amayenda pa msewu wochokera ku Mwanza kupita ku Blantyre amaona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Makalawo amathera m'mbaula zathu za m'tauni. Wootcha makala akufuna chakudya cha ana ake, wa m'tauni akufuna kuphika magetsi akazima, ndipo nkhalango ilibe pakamwa podandaulira. Tezuka adaipatsa pakamwa, koma sadanamize ana kuti yankho lake ndi lapafupi.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene wowerenga wa ku Africa ayenera kuidziwa. Tezuka adajambula Africa asadapondeko. Adaidziwira m'mabuku ndi m'mafilimu a azungu a nthawi ya atsamunda, ndipo anthu akuda m'mabuku ake oyambirira adawajambula monyazitsa, a milomo yokokomeza ndi makhalidwe achibwana. Cha m'ma 1990, iye atamwalira kale, gulu lina lolimbana ndi tsankho ku Japan lidadandaula, ndipo kuchokera pamenepo osindikiza mabuku ake amaikamo mawu ofotokoza za zithunzizo ndi nthawi imene zidajambulidwa. Munthu amene adathera moyo wake akudzudzula tsankho adalephera kuliona pamene lidabisala m'cholembera chake chomwe. Zimenezi sizifafaniza ubwino wa ntchito yake, koma n'zoyenera kuzitchula.

Filimu ya Disney ya The Lion King itatuluka mu 1994, anthu ambiri adaona kufanana pakati pa iyo ndi katuni ya Jungle Emperor, imene ku America idaonetsedwa kuyambira 1966 ndi dzina loti Kimba the White Lion. Ojambula ambiri a ku Japan adasayina kalata yopempha kuti Tezuka atchulidwe, koma kampani ya Disney idakana kuti idatengera nkhaniyo, ndipo kampani ya Tezuka sidapite nayo kukhoti.

Loboti wokanidwa ndi atate ake

Astro Boy adayamba ngati manga m'magazini ya Shonen mu 1952 ndipo adapitirira mpaka 1968. Chiyambi chake n'chachisoni. Katswiri wa sayansi, Dr Tenma, adataya mwana wake Tobio pa ngozi ya galimoto, ndipo pofuna kudzitonthoza adapanga loboti wofanana naye. Ataona kuti lobotiyo sakukula ngati mwana weniweni, adamukana n'kumugulitsa kwa anthu oonetsa masewero odabwitsa. Adamuombola ndi Professor Ochanomizu, mkulu wa mphuno yaikulu ndi mtima wabwino. Astro ali ndi mphamvu zofanana ndi za mahatchi 100,000, koma nkhondo yake yaikulu si ya zibakera. Amakhala pakati pa anthu amene amaona maloboti ngati akapolo ndi maloboti amene atopa ndi kuponderezedwa, ndipo mbali zonse ziwiri zimamukayikira.

Tezuka ankafotokoza kuti maganizo amenewa adamera pa zimene zidamuchitikira nkhondo itangotha, pamene msilikali wa America woledzera adamumenya chifukwa sadamvane chilankhulo. Kusamvana kwa magulu awiri okhala m'dziko limodzi kudakhala mutu umene ankaubwerezabwereza.

Sadaiwale atsikana. Mu 1953 adayamba Princess Knight, nkhani ya Sapphire, mwana wa mfumu wobadwa ndi mitima iwiri, wa mnyamata ndi wa mtsikana, amene adaleredwa ngati mnyamata chifukwa lamulo la dzikolo silinkalola mkazi kulowa ufumu. Apa m'pamene zisudzo za ku Takarazuka zija zidabala chipatso, ndipo bukuli lidatsegula njira ya nkhani zazitali zolembera atsikana.

Katuni ya mlungu uliwonse, ndi mtengo wake

Loto lake lenileni lidali lakuti zojambula zake ziziyenda. Ndalama zimene adapeza pa manga adazithira mu situdiyo yake, imene adaikhazikitsa mu 1961 n'kuitcha Mushi Production chaka chotsatira. Akatswiri a makatuni ankati kupanga gawo la theka la ola mlungu uliwonse n'kosatheka. Filimu imathamanga zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo makatuni apamwamba a nthawiyo ankafuna zojambula 12 kapena 24 pa sekondiyo, zonse za pamanja. Ntchito yotere inkafuna anthu mazanamazana ndi miyezi yambiri.

Tezuka adapeza njira zodulira. Adachepetsa zojambula kufika pa zisanu ndi zitatu pa sekondi, nthawi zina kucheperapo. Munthu akamalankhula, nkhope inkaima chilili, pakamwa pokha n'kumagwedezeka. Zithunzi za Astro akuuluka ankazisunga n'kumazigwiritsanso ntchito m'magawo ena. Chojambula chimodzi chachikulu ankachikoka pang'onopang'ono pamaso pa kamera kuti chioneke ngati chikuyenda. Iye ankakhulupirira kuti nkhani ikakhala yogwira mtima, woonera sawerenga zithunzi. Zimene zidayamba chifukwa cha kusowa zidasanduka kalembedwe: kuima kwa chithunzi pa nkhope ya munthu amene akulingalira, kumene okonda anime amakudziwa bwino, kudachokera pamenepa.

Astro Boy adatha magawo 193 mpaka kumapeto kwa 1966. Kampani ya NBC Enterprises idagula magawo 104 n'kuyamba kuwaonetsa ku America mu 1963 momwemo. Mu 1965 Jungle Emperor idakhala imodzi mwa makatuni oyambirira a pa kanema ku Japan kuoneka m'mitundu, ndi nyimbo za Isao Tomita. Dzina la Tezuka lidamveka kutali. Mu 1964 adakumana ndi Walt Disney pa chionetsero chachikulu ku New York, ndipo mu 1965 Stanley Kubrick adamuitana kuti akathandize kukonza maonekedwe a filimu ya 2001: A Space Odyssey. Adakana chifukwa sakadasiya antchito ake kwa chaka chathunthu.

Koma walira mvula walira matope. Pofuna kuti a wailesi ya kanema avomere msanga, Tezuka adagulitsa Astro Boy pa mtengo wosafika pa ndalama zimene ankaononga popanga, n'chiyembekezo chakuti adzabweza pogulitsa zidole, zomata ndi ufulu woonetsa kunja. Makampani ena adatengera mtengo womwewo, ndipo ojambula adazolowera kugwira ntchito usiku wonse pa malipiro ochepa. Vutoli lilipobe m'masitudiyo a ku Japan mpaka lero. Tezuka atamwalira, pamene ena onse ankamutamanda, Hayao Miyazaki adamudzudzula poyera pa nkhani imeneyi, ngakhale adavomereza kuti manga ake adamuumba ali mnyamata.

Kugwa ndi kudzukanso

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ana amene adakula ndi Astro Boy adali atasanduka ophunzira a m'makoleji ndi antchito a m'mafakitale, ndipo ankafuna nkhani zaukali, zojambulidwa mofanana ndi moyo weniweni, za mtundu wotchedwa gekiga. Tezuka adayamba kuonedwa ngati wachikale. Adali munthu wansanje pa ntchito, wosafuna kupitiridwa ndi achinyamata, motero adayankha potsegula magazini yake ya COM mu 1967 ndi kulemba nkhani zolemera za akuluakulu. Koma malonda sadayende. Adatula pansi udindo wotsogolera Mushi Production mu 1971, ndipo mu 1973 kampaniyo idagwa, n'kumusiyira ngongole yaikulu.

Chaka chomwecho magazini ya Weekly Shonen Champion idamupatsa malo a milungu yochepa, ambiri akuganiza kuti ndiko kutsanzika kwake. Apa m'pamene udotolo uja udamuombola. Adalenga Black Jack, dotolo wa maopaleshoni wopanda chiphaso, wa chipsera chodutsa pankhope, amene amachiritsa matenda olephereka koma amalipiritsa ndalama zoopsa. Olemera amawafinya, osauka nthawi zambiri amawathandiza mwakachetechete, ndipo nthawi zina wodwala amafa ngakhale opaleshoni yayenda bwino. Mbali ina ya nkhope yake ndi yakuda chifukwa khungulo adapatsidwa ali mwana ndi mnzake wa magazi a ku Africa, ndipo adakana kulisintha polemekeza mnzakeyo. Nkhaniyi imafunsa mafunso amene aliyense amene adakhalapo pa mzere wa kuchipatala amawadziwa: moyo wa munthu ndi ndalama zingati, ndipo dotolo ayenera kulekera pati? Black Jack adapitirira mpaka 1983 ndipo adabwezeretsa dzina la mwini wake.

M'zaka zomwezo adalemba Buddha, mbiri ya woyambitsa chipembedzo cha Chibuda, kuyambira 1972 mpaka 1983, komanso Message to Adolf, nkhani ya amuna atatu a dzina limodzi m'nthawi ya Hitler, kuyambira 1983 mpaka 1985. Ntchito imene ankaitcha ya moyo wake wonse idali Phoenix, nkhani ya mbalame yosafa imene anthu a mibadwo yosiyanasiyana amaisaka kuti amwe magazi ake asafe. Magawo ake amasinthana, lina m'mbiri yakale ya Japan, lina kutsogolo kwakutali, ndipo onse amafika pa mfundo imodzi, yakuti woopa imfa mopitirira amaononga moyo umene ali nawo.

Zaka zomaliza

Tezuka adakwatira Etsuko Okada mu 1959 ndipo adabereka ana atatu, koma banja linkamuona mwa apo ndi apo. Ankagona maola ochepa, ankajambula m'galimoto, m'sitima ndi m'ndege, uku akonzi a magazini akudikirira masamba pakhomo. Pambali pa ntchito zamalonda ankapanga timafilimu tatifupi toyesera njira zatsopano. Jumping idapambana mphoto yaikulu pa chikondwerero cha makatuni ku Zagreb mu 1984, ndipo Broken Down Film idapambana ku Hiroshima mu 1985. Mu 1987 adatulutsa Legend of the Forest, filimu yopanda mawu yoyenda ndi nyimbo za Tchaikovsky, yoonetsa zolengedwa za m'nkhalango zikulimbana ndi odula mitengo. Adayambanso ntchito ya In the Beginning, makatuni a nkhani za m'Baibulo, mogwirizana ndi wailesi ya kanema ya RAI ya ku Italy. Magawo ake 26 adawamaliza ndi wophunzira wake, Osamu Dezaki.

Adamwalira ndi khansa ya m'mimba ku Tokyo pa 9 Febuluwale 1989 ali ndi zaka 60, patangotha mwezi umodzi mfumu Hirohito itamwalira. Ali pa bedi la kuchipatala ankapemphabe kuti amulole agwire ntchito. Adasiya masamba pafupifupi 150,000 ojambula, ndipo Phoenix idatsala yosamaliza. Mu 1994 mzinda wa Takarazuka udatsegula nyumba yosungiramo ntchito zake, ndipo kuyambira 1997 nyuzipepala ya Asahi Shimbun imapereka mphoto ya manga m'dzina lake.

Ngakhale kugwa kwa Mushi Production kudabala zipatso. Antchito ake akale ndiwo adakhazikitsa situdiyo za Madhouse ndi Sunrise mu 1972. Madhouse ndiyo idadzapanga Death Note ndi Hunter x Hunter ya 2011, pamene ku Sunrise, Yoshiyuki Tomino, amene adaphunzirira ntchito pa Astro Boy, adalenga Gundam mu 1979. Astro adafikanso ku Africa mwa njira yatsopano mu 2014, pamene Tezuka Productions idapanga Little Astro Boy mogwirizana ndi Channels TV ya ku Nigeria.

Poyambira kuonera

Wofuna kulowa m'dziko limeneli ayambe ndi kudziwa kuti si katuni iliyonse ya ku Japan imene ndi ya ana. Kholo liyenera kuona msinkhu wolembedwa pa filimu lisadapereke foni kwa mwana.

Banja lonse lingakhale pamodzi pa Astro Boy wa 1980, amene ali m'mitundu ndipo ali ndi magawo 52, kapena wa 2003, amene zithunzi zake n'zamakono. Kimba the White Lion ndi woyenera ana a ku pulayimale, pamene filimu ya Jungle Emperor Leo ya 1997 ikutsatira mapeto achisoni a bukulo, ndipo ingafune kholo pafupi.

Achinyamata okulirapo angayese Black Jack, makamaka magawo amene Osamu Dezaki adayamba kutulutsa mu 1993, ndi Metropolis ya 2001, filimu yokongola yochokera m'buku la Tezuka la 1949. Dororo wa 2019, wa magawo 24, adzawakhudza Amalawi mwapadera. Ndi nkhani ya mfumu imene idapereka ziwalo za mwana wake wosabadwa kwa ziwanda kuti ipeze ulamuliro ndi chitukuko, ndipo mwanayo atakula adayamba kuzisaka ziwandazo kuti atengenso thupi lake. Amene adamvapo mbiri za kukhwimira chuma sadzafuna womasulira. Muli magazi ambiri, choncho si ya ana.

Akuluakulu ayambire pa Pluto, ya magawo asanu ndi atatu, imene idatuluka pa Netflix mu 2023. Idachokera m'manga a Naoki Urasawa, amene adatenga nkhani imodzi ya Astro Boy n'kuisandutsa kafukufuku wa wapolisi wofuna wakupha maloboti amene adamenya nawo nkhondo yoyambika pa bodza.

Kuchoka apo njira ili yotseguka kupita kwa ena. My Neighbor Totoro ya Miyazaki, ya 1988, ndi yofatsa yoyenera ana aang'ono, ndipo Spirited Away ya 2001 idapambana mphoto ya Oscar mu 2003. Grave of the Fireflies ya Isao Takahata, ya 1988, ikuonetsa ana awiri amasiye akulimbana ndi njala mabomba atagwa pa mzinda wa Kobe, nkhondo yomwe ija imene Tezuka adaiona ali mnyamata.

Kuno kwathu ana ambiri amene amajambula kumapeto kwa makope awo amalandira chikwapu m'malo mwa pepala lina. Tezuka naye adakulira m'dziko limene linkanyoza zojambula, ndipo adali ndi chiphaso cha udotolo m'thumba chomupatsa njira yapafupi ya ulemu. Adasankha pepala, n'kuikapo nkhondo, tsankho, matenda, nkhalango ndi imfa, pokhulupirira kuti ana angathe kusenza nkhani zoona ngati wofotokoza akuwalemekeza. Nthano za Kalulu, mbiri ya John Chilembwe ndi nkhalango ngati ya Thambani zikudikirabe wozijambula wochokera pakati pathu, amene sadzafunika kuphunzira za Africa m'mabuku a alendo.